Andisiyira pulogalamu ya gulu la alimi: ndiifufute kapena ndiikonze?

Mnyamata wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto. Gulu lina la alimi a thonje ndi chitowe kwathu kuno lili ndi pulogalamu ya pa laputopu yosungira kaundula wa mamembala, makilo amene aliyense wabweretsa, masheya a banki mkhonde ndi ngongole. Amene anailemba anapita ku Johannesburg ndipo nambala yake siikupezekanso. Komiti yandipempha kuti ndiziisamalira ineyo.

Inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, koma zonse zili m'fayilo imodzi yaitali kwambiri. Ma variable ake, kapena kuti mayina a zinthu zimene pulogalamu imasunga powerengera, ndi a, b, x1, x2, tmp, tmp2. Comment, mawu ofotokozera wowerenga, palibe ngakhale imodzi. Mu folder muli gulu.py, gulu_new.py, gulu_new2.py ndi gulu_yeniyeni.py, ndipo imene imatseguka msungichuma akadina pa desktop ndi gulu_new.py.

Tsono komiti yagwirizana zotsitsa chiwongoladzanja kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 15. Ndasaka 0.2 m'fayilomo, ikupezeka malo ambirimbiri. Mtima wanga ukuti ndiyambe yanga yatsopano ndi Django, chida cha Python chopangira mapulogalamu a pa webusaiti. Mundithandize maganizo.

Wa ku Thabwa:
Fufutani achimwene. Kuwerenga khodi ya munthu wina kumadya nthawi kuposa kulemba yanu. Za gulu la alimi n'zochepa: mamembala, makilo, masheya, ngongole, basi.

Mkulu wa ku Nchalo:
Mphwanga wa ku Ngabu, musafufute kaye. Ndikufunseni: msungichuma akalowetsa makilo, ndalama zimene zimatuluka alimi amazivomereza? Pogawana masheya mu December anthu amabwerera kwawo osakangana? Ngati ndi choncho, m'kati mwa chipwirikiticho muli malamulo a gululo amene sanalembedwe pena paliponse. Anagwirizana pa misonkhano, wolemba uja n'kuwaika m'khodi, ndipo ena mwa amene analipo tsiku limenelo anasamuka kapena anatisiya. Mukayamba yatsopano mudzalemba zokhazo zimene komiti ya lero ikukumbukira. Zotsalazo mudzazidziwa tsiku logawana, anthu atakwiya kale.

Ngalande ikadzaza matope madzi atasefukira, sitikumba ina pambali. Timachotsa matopewo chigawo ndi chigawo, madzi akupitabe ku minda. Inunso teroni.

Lero lomwe, musanasinthe chilembo chilichonse, koperani folder yonse pa flash, kenako lembani git init, git add ndi git commit. Git ndi chida chosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha m'mafayilo, ndipo commit ndi kusunga mmene mafayilowo alili pa nthawiyo. Safuna intaneti, amagwira pa laputopu pomwepo. Linus Torvalds anaipanga mu 2005 kuti anthu ambiri azitha kugwira ntchito pa Linux osasokonezana, koma ngakhale muli nokha imakupatsani njira yobwerera mukalakwitsa. Mafayilo a new ndi new2 aja amabadwa chifukwa munthu akuopa kutaya zakale. Mukakhala ndi Git manthawo amatha.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Ndamva akulu. Commit yoyamba ndapanga. Nanga 0.2 uja? Ndingopanga find and replace?

Mkulu wa ku Nchalo:
Ayi, ayi. Tiwonetseni malo awiri kapena atatu pamene akupezeka. Mayina a anthu muwachotse.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Awa:

```
x2 = b * 0.2
t = b + x2
```

ndi pena:

```
if d > 0:
    p = tmp * 0.2
    t = t + p
```

Chemwali wa ku Muona:
Ine sindilemba khodi, ntchito yanga ndi yolowetsa data, koma ndili mu banki mkhonde ndipo wachiwiriyo ndikumukayikira. d ameneyo si masiku amene munthu wachedwa kubweza? Ngati ndi choncho, 0.2 ameneyo ndi chindapusa, si chiwongoladzanja. Komiti yatsitsa zonse ziwiri?

Mnyamata wa ku Ngabu:
Achemwali mwalasa. Ndamuimbira mlembi wa gulu, akuti chindapusa cha ochedwa chikhalabe 20 peresenti.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Chitsanzo ichi ndichitengera m'kalasi. Nambala yongoima yokha m'khodi siinena kuti ndi ya chiyani. Pano 0.2 mmodzi ali ndi matanthauzo awiri, ndipo kompyuta singakuuzeni. Chofunika n'kuzipatsa mayina pamwamba pa fayilo:

```
CHIWONGOLADZANJA_PAMWEZI = Decimal("0.20")
CHINDAPUSA_CHOCHEDWA = Decimal("0.20")
```

Kenako mupite pa 0.2 aliyense, mmodzimmodzi, mudzifunse kuti ndi uti mwa awiriwa. Mwina mupezanso wachitatu. Onani kuti ndasiya zonse pa 20. Kupereka mayina ndi ntchito ina, kusintha mtengo ndi ntchito inanso, ndipo iliyonse ikhale ndi commit yakeyake. Zikasokonekera mudzadziwa kuti chasokoneza ndi chiti.

Mkulu wa ku Nchalo:
Aphunzitsi anena zoona, koma pali china choyenera kutsogola. Mphwanga, pemphani buku la msungichuma, lija la pepala. Sankhanimo ngongole zakale zimene zinabwezedwa popanda mkangano: ya munthu amene anabweza pa nthawi, ya amene anachedwa mwezi, ya amene ankabweza pang'onopang'ono, ya amene anamwalira ngongole isanathe. Iliyonse muilembere test, kakhodi koyesa ngati pulogalamu ikutulutsa yankho loyembekezeka:

```
def test_ngongole_ya_mwezi_umodzi():
    assert zobweza(50000, miyezi=1) == 60000
```

Poyamba function ya zobweza kulibe, ndiye ntchito yanu yoyamba ndi kudula mizere yowerengera ija n'kuiika payokha, osasintha masamu ake. Ma test akadutsa, muli ndi mboni. Dzina lililonse limene mwasintha, ayendetseninso. Mukadzatsitsa kufika pa 15, test imeneyi iyenera kulephera, kenako mudzaisintha kuti iyembekezere 57,500. Ya chindapusa isagwedezeke.

Chemwali wa ku Muona:
Pepani ndibwerenso. Munthu amene anatenga K50,000 mwezi watha anagwirizana zobweza K60,000. Mukasintha nambala imodzi pamwambapo, pulogalamu ikamuwerengeranso simupatsa K57,500? Kwathu chiwongoladzanja chikasintha chimakhudza ngongole zatsopano zokha.

Mkulu wa ku Nchalo:
Mayi, mwaona chimene tonsefe tinachidumpha. Ndiye kuti chiwongoladzanja chiyenera kusungidwa pa ngongole iliyonse mu database, tsiku lomwe munthu watenga ndalamazo. Nambala ya pamwamba ija izingogwira pa ngongole imene ikutsegulidwa kumene. Mphwanga, funsani komiti funso limeneli musanalembe kanthu, ndipo yankho lawo lilowe mu maminitsi.

Wa ku Thabwa:
Zonsezi n'zabwino, koma tiyeni tinene za ndalama. Ndani alipire nthawi imeneyi? Ine ndimalembera timabizinesi ta pa Dyeratu ndi pa Nchalo. Mwini shopu amafuna adine batani risiti ituluke. Ukamuuza kuti sabata ino ndimakonza mayina a ma variable, akufunsa chimene chasintha pa sikirini, ndipo palibe choti umuonetse. Mapulojekiti ambiri kuno amatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, laputopu n'kutsekeredwa m'kabati. Khodi yoyera ndi ya makampani amene ali ndi anthu makumi pa pulogalamu imodzi. Ife timalemba tili tokha.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Achimwene, amene analemba ya ku Ngabu nayenso ankalemba ali yekha. Lero ali ku Johannesburg ndipo pulogalamu ikadali pa ntchito. Kuchigwa kuno n'kumene vutoli lakula kuposa ku makampani. Mnyamata akangodziwa bwino ntchito amakwera phiri kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo sitingamuletse. Kampani yaikulu munthu akachoka pamatsala anzake asanu odziwa khodiyo. Pa gulu la alimi pamatsala fayilo yokha. Ngati fayiloyo siitha kudzifotokoza, palibenso wina woti afotokoze.

Wa ku Thabwa:
Pamenepo sinditsutsa. Koma ndaonaponso mbali inayo. Ndinalandirako pulogalamu ya sitolo yolembedwa ndi munthu wophunzira bwino. Mafayilo anali ankhaninkhani, class iliyonse ikuitana inzake, inzakeyo ikuitananso ina. Kuti ndipeze pamene amachotsera katundu mu stock ndinayenda ulendo wautali. Imeneyo amati ndi yoyera, koma sinali yowerengeka.

Mkulu wa ku Nchalo:
Apa ndili nanu, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna Django pa nkhaniyi. Laputopu ndi imodzi, wogwiritsa ntchito ndi mmodzi. Mafayilo atatu kapena anayi akwanira: ya masamu a ngongole ndi masheya, ya database, ya zimene msungichuma amaona, ndi ya ma test. Muyeso wanga ndi uwu: munthu wachilendo akafunsidwa kuti chindapusa chimawerengedwa pati, apapeze msanga, awerenge mizere yochepa, amvetse. Fayilo imodzi yaitali imalephera muyeso umenewu. Mafayilo makumi anayi nawonso amaulephera.

Za malipiro, ine sindimuuza kasitomala kuti ndikuyeretsa khodi. Akandipempha kusintha china, ndimakonza malo okhawo amene ndikugwirapo ndipo mtengo wake umalowa mu ntchitoyo. Malo amene palibe akuwakhudza ndimawasiya, ngakhale akhale oipa chotani.

Wophunzira ku MUST:
Moni nonse, ndine wa ku Bangula koma ndili ku yunivesite ya MUST ku Thyolo. Funso langa ndi la mayina. Aphunzitsi mwalemba CHIWONGOLADZANJA_PAMWEZI. Kuno amatiuza kuti khodi izilembedwa m'Chingerezi chifukwa amene adzaitenge mwina sadziwa Chichewa. Komanso dzinalo ndi lalitali, mzere udutsa msanga zilembo 79 za PEP 8, malangizo a kalembedwe ka Python.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Iwe, ganiza za amene adzaitengedi pulogalamu ya alimi a ku Ngabu. Adzakhala mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo adzakhala pansi ndi msungichuma amene amati masheya, chindapusa, thumba la zadzidzidzi, kugawana. Mawu a m'khodi akafanana ndi a pa msonkhano, msungichuma akanena vuto umadziwa pokasaka. PEP 8 yomweyo, imene inatuluka mu 2001, imalimbikitsa Chingerezi pa ma comment koma imapereka mpata ngati uli wotsimikiza kuti owerenga onse amadziwa chilankhulo chako. Za kutalika kwa mzere usavutike nazo. Ika Black aziyala yekha khodiyo, iye amalola zilembo 88, ndipo mkangano wa mipata ndi mizere umathera pomwepo.

Wa ku Thabwa:
Ine apa ndili ndi wophunzirayu. Error ikatuluka umaikopera pa Google kapena kumufunsa mnzako wa ku Nairobi. Khodi ya Chingerezi aliyense akuthandiza. Komanso Chichewa timalemba mosiyanasiyana: wina chiwongoladzanja, wina chiongoladzanja, wina amadula pakati. Ukasaka supeza onse.

Mkulu wa ku Nchalo:
Nonse muli ndi mfundo. Ine ndimasakaniza mwadala: za makina m'Chingerezi, monga connect, save, export, koma za gulu m'mawu a gululo. Ndipo mu README, fayilo yofotokoza za pulogalamuyo, ndimaika kamndandanda ka mawuwo ndi kalembedwe kamodzi kovomerezeka. Choipa n'chakuti chinthu chimodzi chikhale ngongole pamwamba, loan pakati, ngo pansi.

Koma chimene ndikufuna muchisamale kuposa chilankhulo ndi miyeso. Variable yongoti munda, kapena size, ndi msampha. Ndi maekala kapena mahekitala? Mlimi amanena maekala, mafomu a boma ndi a mabungwe kawirikawiri amafuna mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Kulemera: makilo kapena matumba a makilo 50? Lembani munda_maekala, thonje_kg. Mu September 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ya Lockheed Martin inkapereka manambala mu pound-force seconds pamene ya NASA inkayembekezera newton-seconds. Mbali iliyonse masamu ake anali olondola. Nambala inkadutsa pakati popanda chonena muyeso wake.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Akulu, ndapeza china. Pa laputopu ya gulu pulogalamu ikuyenda, koma pa yanga ikukana pa mizere ya print. Ndaona kuti ndi Python 2.7.

Mkulu wa ku Nchalo:
Ndiye samalani kwambiri. Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 January 2020, choncho kusamuka n'kofunika, koma osati sabata ino ndiponso osati musanalembe ma test aja. Kukonza print n'kosavuta. Choopsa ndi kugawa. Mu Python 2, 7 / 2 imapereka 3. Mu Python 3 imapereka 3.5. Ndiponso round ya 2.5 mu Python 2 imapereka 3, mu Python 3 imapereka 2. Pulogalamu yogawa phindu kwa mamembala ikasamuka mosayang'ana, siidandaula, imangoyamba kutulutsa manambala ena.

Pa ndalama musagwiritse float, mtundu wa nambala umene Python imasungira tizigawo ngati 0.1. Tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2, muona 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga tizigawoti mu binary ndipo ena sakwana ndendende. Gwiritsani Decimal, kapena sungani zonse ngati matambala athunthu, K1 kukhala 100, n'kumasandutsa makwacha poonetsa pokha. Ndipo funsani komiti kuti zotsala pogawana zimapita kuti. Limenelo ndi lamulo la gulu, round asalipange yekha.

Chemwali wa ku Muona:
Poti mwayamba kutchula misampha, nanenso ndinene zimene zimatisautsa ife olowetsa data. Pulogalamu ina imene ndinagwiritsapo ntchito inkafa ndikangolemba mawu okhala ndi kachizindikiro kaja ka mu Mang'anja kapena m'dimba. Mayina ambiri a anthu ndi a midzi kuno ali nako. Tinkangokachotsa, ndiye munthu mmodzi amapezeka kawiri m'kaundula. Chimodzimodzi Chikwawa ndi Chikhwawa, lipoti limatulutsa maboma awiri.

Chachiwiri n'chimene chimandiwawa. Kuno ku East Bank netiweki imabwera ndi kupita. Umadina save, sikirini n'kunena kuti zatheka, mawa lake ukayang'ana palibe chimene chinapita. Kapena umadina kawiri poona kuti ikuchedwa, n'kupeza munthu walipira kawiri.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Choyambacho chimachitika wolemba akamalumikiza mawu a munthu mwachindunji mu SQL, chilankhulo chofunsira database. Kachizindikiroko kamatseka mawu pakati, database n'kusokonezeka. Khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera, lija amati SQL injection. Mankhwala ake ndi kulemba WHERE dzina = ? n'kupereka dzinalo padera, SQLite imadziwa chochita nalo. Khodi imafupika, imawerengeka bwino, ndipo imatetezeka nthawi imodzi. Za maboma ndi midzi, munthu azisankha pa mndandanda, database izisunga nambala ya mudziwo. Muonetsetsenso kuti mafayilo ndi a UTF-8, kuti amene amalemba ŵ asatulukire tizilembo tachilendo pa lipoti.

Mkulu wa ku Nchalo:
Chachiwiricho, mayi, ndikuchidziwa ndi maso otseka. Penapake pali mizere iyi:

```
except:
    pass
```

Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chikalakwika, khala chete upitirire. Wolemba amaika pofuna kuti pulogalamu isamagwe pamaso pa kasitomala, koma zotsatira zake ndi zimene mwanenazo. Kwa ine mizere iwiri imeneyi ndi yoipa kuposa ma x1 onse pamodzi, chifukwa dzina loipa limangochedwetsa wowerenga, pamene iyi imanamiza msungichuma. Gwirani error imene mukuiyembekezera, muitchule dzina, muilembe mu log, ndipo munthu auzidwe m'mawu omveka kuti sizinapite, zasungidwa pa foni, zidzatumizidwa netiweki ikabwera.

Za kulipira kawiri, malipiro aliwonse apatsidwe nambala yakeyake pa foni pomwepo asanatumizidwe. Seva ikaona nambala imene inabwera kale isalembenso. Ife olemba tili kuno tilibe chowiringula pa zimenezi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri kwa miyezi. Pulogalamu yoganiza kuti magetsi ndi netiweki zilipo nthawi zonse si ya chigwa chino. Mphwanga wa ku Ngabu, onaninso ngati kulemba ngongole ndi kuchotsa ndalama m'thumba la gulu zili mu transaction imodzi. Batire likathera pakati, zilowe zonse kapena zisalowe zonse.

Wophunzira ku MUST:
Bwanji osangoiika fayilo yonse mu ChatGPT aikonze? Mphindi zochepa yatha.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Kumufunsa kuti kachigawo aka kakuchita chiyani, kapena akupatse maganizo a mayina, n'kothandiza ndithu. Koma sangadziwe kuti 0.2 wachiwiri ndi chindapusa chimene komiti yati chisasinthe, poti zimenezo zili m'mutu mwa mlembi. Ndipo usaikemo mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi zotere, komanso ngakhale likanapanda kukhalapo, ngongole ya mayi wa m'mudzi si yoti uziponya paliponse. Chilichonse chimene wakulembera uchiwerenge mzere ndi mzere, uyendetse ma test. Chimene sukuchimvetsa usachiike mu commit, chifukwa mawa komiti idzafunsa iwe.

Wa ku Thabwa:
Pamenepo onaninso ngati password ya database kapena PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ya gulu siinalembedwe m'khodimo musanaiike pa GitHub, webusaiti yosungirako khodi. Ikalowa mu Git imakhalabe mu mbiri ngakhale mutaifufuta pambuyo pake.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Zikomo achimwene, password inalimodi. Ndaisintha ndipo ndaiika m'fayilo ina imene Git sakuiona.

Akulu, ma test a m'buku aja ndalemba. Onse akudutsa, koma pali mzere uwu, umene sindinaumvetse ndipo ndinkafuna kuuchotsa:

```
if m in (1, 2, 3) and z == 4:
    p = 0
```

Nditauchotsa moyesera, test ya mayi wina amene anachedwa mu February inalephera. Ndapita kwa wapampando wakale. Akuti z == 4 ndi mamembala okhala kutsidya kwa mtsinje. Madzi atasefukira mu January 2015 gulu linagwirizana kuti amenewo asamalipitsidwe chindapusa kuyambira January mpaka March, chifukwa mtsinje ukadzaza sangaoloke kubwera ku msonkhano. A komiti ya pano ambiri sankadziwa kuti pulogalamu imachita zimenezi.

Mkulu wa ku Nchalo:
Apa ndiye pofunika comment. Comment yonena kuti tikuika p kukhala 0 ilibe ntchito, khodi yanena kale. Yofunika ndi yonena chifukwa: ndani anagwirizana, liti, pofuna chiyani. Mzerewo usanduke function ya dzina lomveka, monga akhululukidwa_chindapusa, ndipo pamwamba pake mulembe zimene wapampando wakuuzanizo. Testyo muipatse dzina lofotokoza lamulolo.

Chemwali wa ku Muona:
Koma madzi satsata kalendala. Namondwe Freddy anabwera pakati pa March 2023 ndipo kwathu kuno njira zina zinali zosadutsika mpaka mwezi wotsatira. Chaka china mvula imachedwa, January yense mtsinje uli wouma. Miyezi imeneyo isakhomeredwe m'khodi. Msungichuma akhale ndi poti alembe kuti mwezi uno a kutsidya akhululukidwa, malinga ndi zimene msonkhano wanena.

Wa ku Thabwa:
Ndikugwirizana nazo, koma mukamupatsa batani limenelo pulogalamu izisunga kuti wadina ndani ndiponso tsiku liti. Pa ndalama za gulu, kukhululukira mwakachetechete ndi chiyambi cha milandu. Tsikulo mulisunge ngati 2025-03-04, chaka kutsogolo. Mukalemba 03/04 wina awerenga March, wina April.

Ndipo mafayilo atatu osagwira ntchito aja afufutidwe, Git wawasunga kale.

Wophunzira ku MUST:
Nanga khodi yakale imene ili m'kati koma siitanidwa? Si bwino kuisiya mwina idzafunika?

Mkulu wa ku Nchalo:
Ichotsedwe, mukatsimikiza ndi ma test komanso ndi anthu kuti ndi yakufadi. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ku America inataya pafupifupi madola 440 miliyoni m'mphindi 45. M'maseva awo munali khodi yakale yotchedwa Power Peg imene anasiya kuigwiritsa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo koma osaichotsa. Polemba zatsopano anagwiritsanso ntchito flag, chizindikiro choyatsira mbali ina ya khodi, imene kale inkadzutsa Power Peg, ndipo khodi yatsopanoyo inaikidwa pa maseva asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu. Yotsalayo inadzutsa zakale zija n'kuyamba kugula ndi kugulitsa masheya mosalekeza.

Kusiyana kwake ndi mzere wa kutsidya uja n'koonekeratu. Uja unali wamoyo koma wopanda dzina, ndiye umafunika kufotokozedwa. Wakufa umafunika kuchoka. Simungadziwe kuti uwu ndi uti pongouyang'ana, n'chifukwa chake tinayamba ndi buku la msungichuma.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
README musaiiwale. Tsamba limodzi: pulogalamu imayambitsidwa bwanji, ikufuna Python uti, database ili pati, backup imapangidwa bwanji ndipo imasungidwa kwa ndani, ma test amayendetsedwa bwanji. Muisindikizenso pa pepala ikhale mu fayilo ya komiti. Flash ya backup isamagone nyumba imodzi ndi laputopu, poti madzi akalowa amatenga zonse.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Komiti yayankha kuti 15 peresenti ndi ya ngongole zatsopano zokha, ndipo za a kutsidya akazikambirana pa msonkhano wa mwezi uno. Ndayamba ndi kuika chiwongoladzanja pa ngongole iliyonse. Funso langa tsopano: ngongole zakale zimene zili kale mu database ndingoziika zonse 0.20, kapena pali zina zimene zinatengedwa pa mtengo wina?

Chemwali wa ku Muona:
Musaganizire, onani m'buku. Magulu ambiri amasintha chiwongoladzanja akamayamba chaka chatsopano atagawana. Ngati anasinthapo, ngongole za chaka chimenecho pulogalamu ikuziwerengera molakwika panopa.

Mkulu wa ku Nchalo:
Tsatirani zimenezo. Kusinthako mukulembe ngati script yakeyake, muiyese kaye pa kope ya database, ndipo musanaiyendetse komanso mutaiyendetsa muphatikize ngongole zonse muone ngati chiwerengero chikufanana. Mukamaliza tumizani diff, mndandanda wa mizere imene mwasintha, pano popanda mayina a anthu. Wa ku Thabwa, inu muwerenge mbali ya database, ine ndiona ya masamu.

Wa ku Thabwa:
Tumizani Lachisanu madzulo achimwene, Loweruka ndili ndi mpata. Mayina a ma table okha muwasiye m'Chingerezi mmene alilimo, tisasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi.